Nyimbo zachilendo zikundikanika: ndiyambire pati?

Funso

Ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ina mumsika waukulu wa Mzuzu ndipo ndimakhala ku Chibavi. Tsiku lonse foni imakhala ikuyimba pambali pa makina, koma ndi zomwezomwezo: reggae ya ku Chileka, Lucius Banda ndi makwaya. Mlamu wanga anandiikira nyimbo 400 mu memore, za jazz, rumba, za azungu zopanda mawu ndi zina zomwe sindizidziwa n'komwe. Iliyonse ndikangoilawa pang'ono ndimadumpha. Ndikufunitsitsa kuzolowera zamba zina. Kodi vuto ndi makutu anga? Ndiyambire pati?

Wowerenga wa ku Chibavi

Yankho

Achimwene, makutu anu ndi abwinobwino. Chakulakwirani ndi nambala ija ya 400 komanso kasipika ka foni. Tiyambe ndi kasipika, poti n'kosavuta kukonza.

Sipika ya foni ndi yaing'ono ngati batani la jekete, choncho singathe kukankha mpweya wokwanira kutulutsa mawu a pansi. Nsambo yonenepa kwambiri ya gitala ya bezi imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo pamenepo foni imangokhala duu. Nyimbo za Black Missionaries zimakukomeranibe pafoni chifukwa munazimvapo kale pa zimasipika zazikulu, ndiye mutu wanu umadzibwezeretsera wokha bezi yomwe foni yameza. Nyimbo yachilendo mulibe poikumbukira. Mukumva theka lake lokha, lapamwamba, kenako n'kuiweruza kuti ndi yozizira. Onjezerani kulira kwa makina osokera ndi phokoso la msika, palibe nyimbo yatsopano ingakugwireni mtima pamalo otero. Pezani mahedifoni a waya olowa m'khutu, aja okhala ndi timphira kunsonga, ndipo sankhani kamphira kotseka khutu bwino, chifukwa mpweya ukamatuluka m'mbali bezi nayo imathawira komweko. Ngati muli ndi sipika ya Bluetooth, iikeni pakona pa chipinda pafupi ndi khoma, bezi imakula. Voliyumu ya mahedifoni isapitirire pa 60 peresenti, monga limalangizira bungwe la WHO. Ku ntchito pitirizani ndi nyimbo zanu zakale. Zatsopano zipatseni mphindi 20 madzulo, manja ali opanda lumo.

Tsono nkhani yeniyeni. Anthu ambiri amaganiza kuti kudziwa zamba zambiri ndi kudumpha kuchoka pa reggae n'kukatera pa opera ya ku Italy. Amatera pamadzi, amabwerera. Zamba za nyimbo ndi zapachibale, china chinabereka chinzake, ndipo njira yosatopetsa ndi kuyenda khomo ndi khomo kuchokera pomwe mwaima. Kuti mudziwe khomo loyamba, tengani nyimbo zitatu zomwe mumazikonda kwambiri, mumvere iliyonse mpaka kumapeto, kenako muzimitse foni. Chomwe chatsala chikuyimba m'mutu mwanu n'chiyani? Ena amapezeka akung'ung'udza bezi. Ena mawu a otsatira omwe amathirira mang'ombe. Ena phazi likugundabe pansi motsatira ng'oma, ena kagitala kaja kolira pamwamba. Chimenecho ndiye chomwe mumakonda, osati dzina la chamba, ndipo ndi chomwecho muzikachifunafuna kwa ena.

Poti mwatchula reggae, tiyambe ndi bezi ndi ng'oma zake. Ikani nyimbo ya Evison Matafale yodekha, muziwerenga 1, 2, 3, 4 mobwereza. Muona kuti gitala ikudula pa 2 ndi pa 4, ng'oma yapansi ikugunda pa 3, ndipo pa 1 ng'omayo kulibe. Kagundidwe kameneka amakatcha one drop. Mukakagwira, bwererani nako m'mbuyo ku Jamaica komwe kanachokera. Reggae inaumbika cha m'ma 1968. Isanabwere kunali rocksteady, yomwe inatchuka mu 1966, yodekha, ya mawu okoma a anthu awiri kapena atatu, ndipo apa mumvere Alton Ellis kapena The Heptones. M'mbuyo mwa rocksteady muli ska, yothamanga, yodzaza ndi malipenga, ndipo gulu loyambira ndi The Skatalites lomwe linakhazikitsidwa mu 1964. Oliza malipenga a gululi, monga Don Drummond ndi Tommy McCook, anali anthu a jazz, anaphunzira zoyimba ku Alpha Boys School mu Kingston. Mu nyimbo zawo gulu lonse limayamba ndi kayimbidwe kamodzi, kenako mmodzi amatuluka n'kuliza zake yekha, wina n'kulandira, pomaliza onse n'kubwerera pa kayimbidwe koyamba kaja. Jazz imayenda chimodzimodzi. Mwafika pakhomo pake osachoka pa kagundidwe komwe miyendo yanu ikukadziwa.

Pali kanjira kena kapambali kotchedwa dub. Ndi reggae yomwe wojambula nyimbo waichotsa mawu, n'kusiya bezi ndi ng'oma, zida zina zikungobwera n'kuzimiririka ngati mawu obwerera kuchokera kuphiri. Chimbale cha Augustus Pablo ndi King Tubby cha mu 1976, King Tubbys Meets Rockers Uptown, ndicho choyambira. Dub imaphunzitsa khutu kukhala ndi nyimbo yopanda woyimba, ndipo luso limeneli mudzalifuna kutsogoloku. Pa sipika ya foni musayese n'komwe.

Musanapite kwa Amereka, jazz ili kale kwathu kuno kumpoto. Wambali Mkandawire, yemwe anatisiya mu January 2021, anaika Chitumbuka ndi magundidwe a kuno pa zida za jazz, ndipo chimbale chake cha mu 2002, Zani Muwone, chiyenera kukhala choyamba pa mndandanda wanu. Gulu la Body, Mind and Soul la muno mu Mzuzu linasakaniza vimbuza ndi jazz n'kutcha chamba chawo voodjaz. Kuchoka apo pitani kwa Hugh Masekela wa ku South Africa. Chimbale chake cha mu 2009, Phola, anachikonza ndi Mmalawi, Erik Paliani.

Mukatero ndiye mutsegule So What ya Miles Davis, nyimbo yoyamba pa chimbale cha mu 1959, Kind of Blue. Ndi ya mphindi 9. Tiyeni tiiyende pamodzi, chifukwa anthu ambiri amaitaya pa mphindi yoyamba. Imayamba ndi piyano ndi bezi zikuyenda mwakachetechete ngati zikufufuza njira. Musadumphe. Posakhalitsa bezi imayimba kachiganizo kakafupi, piyano n'kuvomera ndi mawu awiri okha, kenako malipenga n'kulowa pa kuvomera komweko. Ndi zija za kumudzi, wina kuyambitsa nyimbo ena n'kupolokoza, kungoti woyambitsa pano ndi bezi. Kachiganizoka kamabwera mozungulira kanayi: kawiri pamalo amodzi, kachitatu nyimbo yonse imakwera pang'ono, kachinayi imatsikanso. Mzere umenewu, kawiri pansi, kamodzi pamwamba, kamodzi pansi, ndi womwe aliyense amayendamo mpaka nyimbo kutha. Miles Davis amayamba ndi lipenga, mawu ochepa, mipata yambiri. John Coltrane amalowa ndi saxophone ngati munthu wofika ndi nkhani zambiri nthawi ili yochepa. Cannonball Adderley amabwera mosangalala, kenako Bill Evans pa piyano. Ntchito yanu pa kumvera koyamba ndi imodzi yokha: gwirani pomwe nyimbo yakwera ndi pomwe yatsika. Mukagwira pamenepo jazz imasiya kumveka ngati anthu ongoliza zosagwirizana.

Khomo la makwaya ndi lotakata kuposa momwe ambiri amaganizira. Nyimbo zambiri za mu Sumu za Ukhristu, buku la nyimbo za mpingo la Chitumbuka, sizinachokere ku Scotland. Ku Embangweni, m'busa Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo pa mayimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka, ndipo anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka zambiri zomwe zikuyimbidwabe mu Sinodi ya Livingstonia. Ndiye ngati mumakonda mawu a abambo olemera pansi, mmodzi akutsogolera, pitani ku South Africa kwa Ladysmith Black Mambazo ya Joseph Shabalala, chamba cha isicathamiya chopanda chida chilichonse. Simudzachimva chilendo kwenikweni, paja Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 kuchokera kumwera komweko. Kenako Mahalia Jackson, woyimba nyimbo zauzimu wa ku America, kenako chimbale cha Aretha Franklin cha mu 1972, Amazing Grace, chomwe anachijambula m'tchalitchi mu Los Angeles mpingo ukuvomera. Chamba cha soul chinamera kuchokera ku nyimbo za m'matchalitchi oterowo, kotero mukamukonda Aretha wa m'tchalitchi, wa nyimbo zachikondi sakuvutani.

Za azungu zija mwati zopanda mawu, musayambe nazo zopanda mawuzo. Yambani ndi Messiah ya Handel, yomwe inayimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742. Gawo la Hallelujah mwina munalimvapo kale kwa makwaya a kuno. Mumvere momwe mawu anayi aja, soprano, alto, tenor ndi bezi, amalowera motsatizana ndi chiganizo chimodzi, wina asanamalize wina wayamba. Tsiku lina tsatirani bezi yokha kuyambira poyamba mpaka pothera, tsiku lina alto. Zikakhazikika, yesani Boléro ya Maurice Ravel ya mu 1928. Ndi ya mphindi pafupifupi 15, kang'oma kakang'ono kakugunda chimodzimodzi osasintha, mayimbidwe awiri okha akusinthana, chida chimodzi chikupatsira chinzake kuyambira pa chitoliro, phokoso likukula pang'onopang'ono mpaka gulu lonse kulindima. Chenjezo: poyamba imakhala yotsika kwambiri moti mungaganize kuti foni yafa. Musakweze voliyumu kwambiri, chifukwa pothera idzakuboolani makutu.

Ngati chomwe chinatsala m'mutu chinali ng'oma, pali kamasewera koti muchite patebulo lodulirapo nsalu. Dzanja lamanzere ligunde kawiri, lamanja katatu, m'nthawi yofanana, onse kuyambira pamodzi. Poyamba manja amakanganirana. Likatha sabata amagwirizana, ndipo mumayamba kumva kuti magule athu ambiri ali ndi magundidwe awiri oyenda nthawi imodzi. Ndi zomwe zimachititsa kuti ng'oma za vimbuza zimveke ngati zikuzungulira. Vimbuza, yomwe UNESCO inaizindikira mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu, ndi gule wochiritsa odwala, si chionetsero, ndiye ngati mwaitanidwa komwe ikuchitika, foni ikhale m'thumba. Zojambulidwa zakale zilipo: Hugh Tracey, katswiri wojambula nyimbo za makolo, anayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula bangwe, kaligo, malipenga ndi nyimbo za pamtondo, ndipo zina zinatuluka pa zimbale ziwiri, china cha kumpoto ndi pakati, china cha kumwera ndi pakati. Khutu lozolowera katatu pa kawiri silivutika ndi chimurenga ya Thomas Mapfumo wa ku Zimbabwe, momwe magitala amatsanzira mbira. Fela Kuti wa ku Nigeria amafuna kudekha kwina. Nyimbo zake zambiri zimapitirira mphindi 10 ndipo mawu amalowa patapita mphindi zingapo, ndiye nthawi yodikirayo muziitsata ng'oma za Tony Allen. Chamba chake ndi Afrobeat. Musachisokoneze ndi Afrobeats, ya s kumapeto, ya achinyamata a lero ngati Burna Boy.

Za gitala tingodutsamo msanga, poti njira yake ndi yowongoka. Yambani ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, Allan Namoko wa ku Thyolo, ndi babatoni ya Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, ya nsambo imodzi yolizidwa ndi kamtengo ndi botolo. Pitani pa sungura ya Alick Macheso, yemwe nthawi zina amayimba m'Chichewa ndipo bezi yake imayankhula ngati gitala yotsogolera. Kenako rumba ya ku Congo: Franco ndi TPOK Jazz, Tabu Ley, Zaiko Langa Langa. Pa rumba pali msampha. Nyimbo zambiri zili ndi zigawo ziwiri, choyamba chodekha cha mawu, chachiwiri chotchedwa sebene momwe magitala atatu amalukana ngati nkhata ndipo ovina amadzuka. Wodumpha pa mphindi yachiwiri sanaimve nyimboyo. Kuchokera apo Ali Farka Touré wa ku Mali adzakuperekezani ku blues ya B.B. King.

Tsono kachitidwe kake. Mu memore muja tsegulani foda yatsopano, muikemo nyimbo zitatu zokha za chamba chimodzi kapena zamba zapachibale, ndipo mukhale nazo masabata awiri. Nyimbo iliyonse muimvere katatu pa masiku osiyana musanaiweruze. Koyamba ingomverani yonse osagwira foni. Kachiwiri tsatirani chida chimodzi chokha. Kachitatu yesani kulosera chomwe chikubwera, pomwe woyimba alowere, pomwe ng'oma zisinthire. Kukoma kwa nyimbo kwambiri kumachokera pa kuyembekezera chinthu n'kuchipeza, kapena kuchiphonya pang'ono, ndipo pa kumva koyamba mutu sukhala ndi choyembekezera. Katswiri wa za maganizo Robert Zajonc anaonetsa mu 1968 kuti anthu amayamba kukonda chinthu chifukwa chongokumana nacho mobwereza. N'chifukwa chake nyimbo yomwe munkaida m'minibasi ya ku Ekwendeni mumapezeka mukuiyimba posamba. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumbuyo kwa buku lanu la miyeso ya makasitomala siyani masamba awiri. Lembani dzina la woyimba, dzina la nyimbo, dziko, ndi mzere umodzi wa chomwe mwamva, monga "bezi ikuyenda ngati munthu wokwera masitepe" kapena "mawu a mayiyu akundilasa m'khutu". Mzere woterewu ndi wothandiza kuposa kungolemba kuti yabwino kapena yoipa, chifukwa pakatha miyezi itatu mudzaona nokha chomwe chikubwerezabwereza, ndipo chimenecho chidzakuuzani kolowera.

Memore yodzazidwa kwa anyamata oika nyimbo ili ndi mavuto ake. Nyimbo zambiri zimakhala zopanda mayina, Track 01, Track 02, kapena zili ndi dzina la woyimba wina. Pulogalamu ya Shazam imatha kuzindikira zambiri zakunja mukaimvetsera masekondi ochepa, ngakhale zakale za kuno kawirikawiri siizipeza. Zina zinapanikizidwa kwambiri kuti zichepe, ndipo mudzazidziwa ndi zitsulo za ng'oma zomwe zimamveka ngati madzi akutuluka pampopi. Yotero ifufuteni, mupeze ina. Komanso woyimba sapezapo kanthu pa nyimbo yokopedwa mwanjira imeneyi, ndiye wa kuno amene mwamukonda, mugulireni nyimbo yake kapena mukalipire pakhomo akamayimba.

Pa bandulo, nyimbo ya mulingo wa 128 kbps imadya pafupifupi 1MB pa mphindi, kutanthauza kuti 1GB imakwana nyimbo za mphindi zinayi pafupifupi 250. Kanema wa pa YouTube amadya kochuluka kuposa apo, choncho mukamangofuna kumva, tsitsani kaonekedwe kake kufika pa 144p. Spotify inayamba kupezeka m'Malawi mu 2021, ndipo Boomplay ndi Audiomack ziliponso. Mapulogalamuwa amaphunzira pa zomwe mwamvera mpaka kumapeto ndi zomwe mwadumpha, kenako amakubweretserani zofanana nazo. Ndi abwino pokuzamitsani m'chamba chimodzi, koma pokutulutsanimo ndi aulesi. Mukamvera reggae mwezi wathunthu adzakupatsani reggae mpaka kalekale, ndipo mwana akabwereka foni masiku awiri mudzalandira nyimbo za makatuni. Dzina la woyimba watsopano muzililemba nokha pofufuzira.

Anthu amaposa makina pa ntchito imeneyi, bola muwafunse bwino. Mukati "ndipatseni nyimbo zabwino" mudzalandira 400 zina. Funsani chonchi: "Mwa nyimbo zonse za chamba chanu, ndi imodzi iti yomwe mungampatse munthu wokonda bezi ya reggae, ndipo ndimvetsere pa mphindi iti?" Kasitomala wa ku Congo kapena ku Tanzania wobwera kudzasoketsa, mdala woyendetsa taxi amene amasunga Jim Reeves ndi Don Williams, mnyamata wa ku Mzuni wa amapiano, wotsogolera kwaya kumpingo kwanu, aliyense ali ndi nyimbo imodzi yotero ndipo amasangalala kufunsidwa. Mlamu wanunso mubwerereni ndi funso lomweli. Ndipo chamba china sichimveka bwino mpaka utachiona ndi maso. Ingoma ya pa Umthetho ku Hora mu August, mapazi a amuna ambirimbiri akugunda nthaka nthawi imodzi, palibe hedifoni ingakupatseni. Chimodzimodzi malipenga ndi chilimika ku Nkhata Bay nyengo ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano.

Chiyankhulo chisakutsekerezeni. Ife Amalawi timakonda nyimbo ya uthenga, ndipo n'chifukwa chake Lucius Banda anakhazikika m'mitima ya anthu, koma chizolowezichi chimapangitsa kuti nyimbo ya Chilingala cha ku Congo kapena Chibambara cha ku Mali tiziiona ngati yopanda kanthu. Mawu a munthu atengeni ngati chida china: akukwera pati, akunjenjemera pati, akupumira pati. Tanthauzo mulifufuze pambuyo pa kumva kachitatu. Cesária Évora wa ku Cabo Verde ndi woyesera wabwino, chisoni cha m'mawu ake chimamveka usanadziwe liwu n'limodzi lomwe.

Zina zidzakukanikanibe, ndipo palibe mlandu. Nyimbo mwaipatsa maulendo atatu pa mahedifoni abwino koma sinakugwireni, lembani chifukwa chake m'buku muja, muisiye, mudzaiyesenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Zoti musayambe nazo n'komwe pakadali pano ndi singeli ya ku Dar es Salaam, yomwe liwiro lake limaposa kawiri la reggae, free jazz, heavy metal ndi opera yathunthu. Si zoipa, koma zili kutali ndi pomwe mwaima.

Kwa inuyo, masabata awiri oyamba foda ija ikhale ndi nyimbo imodzi ya Alton Ellis, imodzi ya The Skatalites ndi imodzi ya pa chimbale cha dub chija. Masabata awiri otsatira muikemo ziwiri za pa Zani Muwone ndi imodzi ya Hugh Masekela. So What ilowe sabata lachisanu, Loweruka madzulo mutatseka makina.